Ana a m'mbali mwa mpanda wa Liwonde: kalabu ya ana 40 kapena sukulu yonse?

Mphunzitsi wa ku Ulongwe

Moni kwa nonse a pa gulu lino, makamaka aphunzitsi anzanga ndi makolo amene mukukhala m'midzi yozungulira paki ya Liwonde. Ndakhala ndikuyang'anira kalabu ya zachilengedwe pa sukulu yathu kwa zaka 6, ndipo ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo chiyambire teremu yathayi. Sukulu yathu ili ndi ana oposa 1,200, koma olembedwa m'kalabu ndi 40 okha, ndipo mwayi wa ulendo wa m'paki ukapezeka, galimoto imanyamula ana osapitirira 30, amene kawirikawiri amakhala omwe aja okhoza bwino m'kalasi ndi odziwa kuyankha alendo m'Chingerezi. Ana ena onsewo njovu amaidziwira kumunda, ikabwera usiku kudzadya chimanga cha makolo awo.

Tsiku lina ndinauza ana a sitandade 6 kuti aliyense ajambule nyama imodzi ya m'paki. Mnyamata wina, amene sali m'kalabu, anajambula njovu ili pakati pa munda, ndipo pambali pake anajambula munthu atanyamula muuni ndi chitini. Nditamufunsa, anati munthuyo ndi bambo ake, kenaka naye anandifunsa kuti njovuzo ndi za ndani. Ndinamuyankha monga timayankhira nthawi zonse, kuti ndi chuma cha dziko lonse, ndipo iye, mwaulemu ndithu, anati ngati zili choncho, bwanji dziko lonselo silibwera kudzagona kumunda kwawo. Kalasi yonse inaseka, koma ine ndinasowa chonena, ndipo mpaka lero yankho logwira mtima sindinamupatse.

Komiti ya sukulu yandipempha kuti ndilembe maganizo a momwe maphunziro a zachilengedwe angafikire ana onse, kuti a hedi akawatule pa msonkhano wa zoni. Ndisanalembe, ndikufuna kumva kwa inu ngati kukulitsa maphunzirowa kukutanthauza kuchulukitsa makalabu ndi maulendo, kapena pali china chimene tiyenera kusintha m'kaphunzitsidwe kake.

Mayi wa komiti ya sukulu, Machinga

Aphunzitsi, mnyamatayo musamuone ngati wamwano, chifukwa wangonena poyera zimene makolo ake amanena pa nthawi ya chakudya. Ine ndili m'komiti ya sukulu ina chakum'mawa kwa paki, ndipo kuyambira mu Febuluwale mpaka nthawi yokolola, ana ambiri amajomba kapena amasinza m'kalasi chifukwa chothandiza kuingitsa anyani masana ndi nguluwe usiku. Chiikireni mpanda wamagetsi zinthu zinasintha kwambiri, sindingakane, koma njovu ina ikadutsa pamalo pamene waya waduka, munda wa chaka chonse umatha usiku umodzi, ndipo chipukuta misozi cha mbewu sitinachionepo. Mwana wotere mukamuimbitsa nyimbo yotamanda njovu pa tsiku la mwambo, amaimba chifukwa aphunzitsi alamula, koma mumtima amadziwa kuti nyimboyo sikunena za moyo wake. Ngati maphunzirowa ati akule, ayambe ndi kuvomera kuti nyamazi zimapweteka anthu, ndipo mwana aloledwe kunena zimenezo m'kalasi popanda kudzudzulidwa.

Mlonda wa nyama wopuma ntchito

Ndagwira ntchito yolondera nyama kwa zaka zambiri, zina mwa izo m'paki yomweyi, ndipo mundilole ndifotokoze kumene tachokera, pakuti ana amene ali ku pulayimale lero anabadwa zinthu zitayamba kale kusintha. Paki ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548, malo ochepa ndithu poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu a m'maboma a Machinga, Balaka ndi Mangochi amene aizungulira. Pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa pakiyi mogwirizana ndi dipatimenti ya boma yoona za nyama zakutchire mu 2015, tchire linali lodzaza ndi misampha ya waya, ndipo imene yachotsedwa chiyambire nthawi imeneyo ndi yoposa 30,000. Njovu zinachuluka kuposa malo ake, n'chifukwa chake mu 2016 ndi 2017 zambiri zinasamutsidwira ku Nkhotakota pamodzi ndi zina zochokera ku Majete, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Mikango inabwezeretsedwa mu 2018, zipembere 17 zinabwera kuchokera ku South Africa mu 2019, ndipo mimbulu inafika mu 2021.

Ndanena zonsezi chifukwa mbiri imeneyi payokha ndi phunziro limene mwana wa ku Ulongwe ayenera kulidziwa kuposa mwana wa ku Lilongwe. Ulendo wa m'paki musaupeputse, aphunzitsi. Ndinaonapo ana akukhala chete kwa nthawi yaitali ataona njati yotsimphina imene waya unalowa m'mwendo mpaka kufika pa fupa, ndipo kukhala chete kumeneko palibe bolodi limene lingakubweretse. Ndikuonanso kuti ana ayenera kudziwa lamulo, pakuti chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, munthu wopezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere kapena ngaka angathe kulamulidwa kukhala kundende mpaka zaka 30. Mwana wophunzitsidwa bwino ayenera kudziwa kumene angakanene akaona munthu akutchera misampha kapena akudula waya wa mpanda.

Mayi wa komiti ya sukulu, Machinga

Bambo, mbiri mwaifotokoza bwino, koma mawu anu omalizawo ndi amene angaphe ntchito yonse. Munthu wotchera msampha sachokera kutali. Ndi amalume ake a mwanayo, kapena mlamu wa mayi ake, kapena bambo ake enieni. Pa sukulu yathu zinachitikapo kuti alendo a bungwe lina anauza ana kuti azinena mayina a anthu opha nyama, ndipo patangotha mwezi munthu wina anamangidwa. Palibe amene anatsimikiza kuti ananena ndi mwana, koma mudzi wonse unaloza chala ana a m'kalabu, makolo anatulutsamo ana awo, ndipo aphunzitsi amene ankaiyang'anira anapempha kusamutsidwa. Patha zaka 3 kalabuyo isanadzukenso. Lamulo ana alidziwe, chifukwa lingapulumutse wachibale wawo ku ndende, koma sukulu isasandutse mwana kazitape wa pa khomo la makolo ake.

Mlonda wa nyama wopuma ntchito

Mayi, ndamva, ndipo pa mfundo ya mayina ndikubwerera m'mbuyo. Pa nkhani ya waya wokha ndiima pomwepo, pakuti kunena kuti mpanda waduka pamalo akutiakuti sikutchula munthu aliyense, ndipo amene amavutika waya ukaduka ndi eni minda, osati alendo odzaona nyama.

Mphunzitsi wa aphunzitsi, Domasi

Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ndikufuna kuyankha funso loyamba lija monga munthu amene ntchito yake ndi kukonzekeretsa aphunzitsi. Vuto la kalabu ndi lakuti imakhala kunja kwa ndandanda ya maphunziro, imadalira mtima wa mphunzitsi mmodzi, ndipo mphunzitsiyo akasamutsidwa, kalabu imapita naye. Makalabu a bungwe loteteza nyama ndi chilengedwe la WESM, limene mbiri yake inayamba mu 1947, athandiza mibadwo yambiri, ndipo ena a ife tinayamba kukonda mbalame powerenga magazini ya Nantchengwa, koma kalabu sinapangidwire kunyamula ana 1,200. Chimene chimafika kwa mwana aliyense ndi phunziro la tsiku ndi tsiku, ndipo mwayi ulipo kale, popeza silabasi ya ku pulayimale ili ndi mitu ya nkhalango, nthaka, madzi ndi nyama m'maphunziro a zaulimi, sayansi ndi a chikhalidwe ndi chilengedwe. Chosowa ndi chakuti mphunzitsi amawerengera ana chitsanzo cha m'buku, chimene chinalembedwa kuti chikwanire dziko lonse, pamene chitsanzo chamoyo chili kuseri kwa kalasi.

Ndipereke zitsanzo ziwiri. Njovu yaikulu imatha kudya zomera zolemera makilogalamu 150 pa tsiku, kumene kuli kulemera kwa matumba 3 a makilogalamu 50. Mwana wa sitandade 5 angawerengere zimene njovu 10 zingadye pa sabata, ndipo akamaliza samuyo amvetsa yekha chifukwa chake paki yaing'ono siingasunge njovu zopanda malire, chifukwa chake zina zinasamutsidwa, ndi chifukwa chake munda wa ekala imodzi suchedwa kutha. Chitsanzo chachiwiri ndi mtsinje wa Shire. Madzi amene akudutsa m'paki ndi omwewo amene amadutsa pa baraji ya pa Liwonde n'kukatembenuza makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mapiri akametedwa ndi ootcha makala, dothi limakokolokera mumtsinje, namasupuni ndi zinyalala zimatseka makina, ndipo magetsi amazima ku Blantyre. Mwana akaona kuti mtengo wa m'phiri la kwawo ukukhudzana ndi babu la m'chipatala cha kutali, saonanso mudzi wake ngati malo oiwalika.

Komabe tisanamizane. Mphunzitsi wa sitandade 8 amayesedwa ndi chiwerengero cha ana amene asankhidwira ku sekondale, ndipo chilichonse chooneka ngati chikudya nthawi ya mayeso a MANEB amachikankhira kumbali. N'chifukwa chake ndikulangiza kuti mphamvu zambiri zipite ku sitandade 4, 5 ndi 6, ndipo maphunziro a aphunzitsi achitikire ku TDC, malo ophunzitsirako aphunzitsi a m'zoni, a PEA, mlangizi wa sukulu za m'zoniyo, ali pomwepo, osati ku hotelo kumene amapita mphunzitsi mmodzi n'kubwerako ndi alawansi ndi chikwama.

Mphunzitsi wa ku Ulongwe

Samu ya matumba ija ndiiyesa mawa lomwe. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti mnyamata wanga uja akaimaliza, angalimbikitsidwe m'maganizo ake akuti njovu ndi mdani, popeza samuyo ikuonetsa kukula kwa chiwonongeko.

Mphunzitsi wa aphunzitsi, Domasi

Zimenezo musaziope, achimwene, pakuti chiwonongekocho akuchidziwa kale kuposa inu. Chimene sanamvepo ndi mphunzitsi akuchivomereza ndi manambala. Mukatero mpamene angakumvereni mukamuuza zinanso zoona, monga kuti njovu imakhala ndi bere miyezi 22 ndipo imabereka mwana mmodzi, kotero kuti gulu likaphedwa silibwerera msanga, ndiponso kuti ndowe zake zimamwaza mbewu za mitengo m'tchire lonse.

Mwalimu wa madrasa, Mangochi

Ndikupereka moni kwa akuluakulu nonse. Pali zinthu ziwiri zimene okonza mapulogalamu a zachilengedwe amaziiwala akafika kuno kwathu. Choyamba ndi nthawi. Makalabu ambiri amakumana masana sukulu ikaweruka, nthawi yomwe ana ambiri a m'midzi ya Achiyao amayenera kukhala ku madrasa, ndipo ena amaika zochitika zawo Lachisanu masana. Kholo likauzidwa kuti lisankhe pakati pa kalabu ndi madrasa, yankho lake ndi lodziwikiratu, ndipo pambuyo pake kumamveka mawu akuti anthu a kuno safuna za chilengedwe. Atabwera kudzakambirana nafe, tingagawane masiku, ndiponso ife tili ndi zambiri zoti tiphunzitse pa nkhaniyi, pakuti chipembedzo chathu chimaletsa kuwononga madzi ngakhale posamba pokonzekera swala, chimaletsa kuzunza nyama, ndipo chimayamikira munthu wobzala mtengo umene anthu ndi mbalame adzadyeko.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Mwana wa sitandade 2 kuno amaganiza m'Chiyao. Kwa iye njovu ndi ndembo, mkango ndi lisimba, mvuu ndi ndomondo, ng'ona ndi ngwena. Zithunzi zimene zimabwera m'sukulu zimakhala ndi mayina a Chingerezi, mwina ndi a Chichewa pansi pake, ndipo mwana amatenga nyama ya pa chithunziyo ngati ya alendo, yosiyana ndi imene agogo ake amaitchula m'nthano. Kulemba mayina atatu pansi pa chithunzi chimodzi sikufuna ndalama zambiri.

Msodzi wa ku Malombe

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo mawu awa akundilembera ndi mwana wanga, koma ndapempha kuti ndilankhuleko chifukwa nonse mukunena za njovu ngati kuti paki ndi mtunda wokha. Nyanja ya Malombe inali ya chambo pamene ine ndinali mnyamata, ndipo lero tikukhalira kambuzi, amenenso akunka nachepa. Makomiti a m'madoko anayamba cha mu 1993 kuti asodzi tokha tizitetezana, koma makoka a maso ang'onoang'ono sanathe, ndipo masikito amene timalandira kuti titeteze ana ku malungo, ena amawasoka n'kukokolola nawo tiana ta nsomba m'mphepete mwa madzi. Amene amagwira masikitowo kawirikawiri ndi ana a sukulu omwewo, pofuna ndiwo kapena ndalama ya sopo.

Chimene ndikanakonda ana ataphunzitsidwa ndi chakuti chigawo cha mtsinje chimene chili m'paki, kumene saloleza kuwedza, ndi chimene chatsala ngati nkhokwe ya mbewu ya nsomba. Ambiri a ife timakuona ngati kutimana, ndipo anyamata amalowako usiku ndi mabwato, ena amagwidwa, ena amagwidwa ndi ng'ona. Koma mlimi aliyense amadziwa kuti mbewu sadya. Mwana ataona ndi maso ake momwe chambo chachikazi chimasungira mazira ndi ana m'kamwa mwake, angamvetse chifukwa chake pali miyezi yotseka nyanja. Zimenezi ine ndingathe kuzionetsa kwa ana pa doko, popanda galimoto kapena mafuta, ngati aphunzitsi angadzichepetse kubwera nawo kwa munthu wosaphunzira.

Mphunzitsi wa aphunzitsi, Domasi

Bambo, phunziro limene mwafotokozali ndi la sayansi lokwanira, ndipo wosaphunzira pa nkhani imeneyi ndi ife.

Wotsogolera alendo, Liwonde

Ndine mmodzi mwa ana 30 aja amene anakwera galimoto, choncho ndiyenera kuikira kumbuyo kalabu pang'ono. Ndinalowa ndili sitandade 5, ndipo aphunzitsi athu analibe chipangizo china koma kope lakale limene tinkalembamo mbalame iliyonse imene taiona popita ndi pochokera kusukulu, dzina lake la kumudzi, mtengo umene inatera ndi chimene inkadya. Pamene ndinkalowa m'paki koyamba ndinali nditadziwa kale nkhwazi, nantchengwa, akakowa ndi atimba osiyanasiyana, ndipo ulendowo unangotsimikiza zimene ndinaphunzira pa njira ya kwathu. Lero ndimadya chifukwa cha kope limenelo, popeza paki ya Liwonde ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 400 ndipo alendo ambiri amabwerera mbalamezo. Kope lotere mwana aliyense angakhale nalo, ndipo silidikira thandizo la bungwe.

Koma ndili ndi madandaulo awiri. Loyamba ndi lakuti m'kalabu yathu tinayamba atsikana 18, ndipo pofika sitandade 8 tinatsala 3. Ena anakwatiwa, ena analetsedwa kutsalira kusukulu masana chifukwa ntchito ya nkhuni ndi madzi inali kuwadikira. Chodabwitsa n'chakuti mtsikana ndi amene amakumana ndi chilengedwe tsiku lililonse: ndiye amadziwa kuti nkhuni zatalikira, ndiye amaima pa madzi pamene ng'ona imabisala, ndiyenso amakalipiridwa akapezeka akutola nkhuni malo oletsedwa. Maphunziro amene akumuphonya iyeyu akuphonya mwini nkhani. Amayi a m'magulu othandiza atsikana pa sukulu alowetsedwe m'ntchitoyi, ndipo kuumba chitetezo mbaula, imene imachepetsa nkhuni, kukhale phunziro la anyamata ndi atsikana omwe.

Lachiwiri ndi lakuti tisamalonjeze ana ntchito. Alendo akabwera kusukulu amakonda kundiloza n'kunena kuti mukasamala nyama mudzakhala ngati uyu. Malo a ntchito m'paki ndi m'malo ogona alendo ndi owerengeka, pamene ana a m'sukulu zozungulira ndi masauzande ambiri. Mwana amene analonjezedwa yunifolomu n'kukhala mlimi amasanduka mdani woposa amene sanalonjezedwe kanthu. Ambiri adzakhala alimi ndi asodzi pamalo pomwepa, ndipo maphunziro awakonzekeretse moyo umenewo: kulima tsabola m'malire a munda, popeza njovu zimadana naye ndipo ali ndi msika, kuweta njuchi, zimene njovu zimaziopanso, ndi kusunga chimanga pamalo pamene fungo lake silingaitane nyama.

Mnyanja wa ku Mfuwe, Zambia

Abale a ku Malawi, nkhani yanu ikufanana ndi yathu kuno m'mbali mwa paki ya South Luangwa, kumene kulibe mpanda wozungulira ndipo njovu zimawoloka mtsinje kudzadya mango m'midzi. Ife tinakula ndi makalabu a Chongololo, amene anali ndi pulogalamu yake pa wailesi, ndipo kuno ku Mfuwe kuli bungwe la Chipembele limene lili ndi malo ophunzitsirako ana ndipo limayendera sukulu zozungulira. Chimene ndaona n'chakuti wailesi imafika kumene galimoto siifika, ndipo kholo limamvera limodzi ndi mwana, kotero kuti phunziro silikhala chinsinsi cha kusukulu. Muli ndi mawailesi a m'madera, monga Dzimwe ku Mangochi, ndipo ana eni ake atamalankhulapo m'Chichewa ndi m'Chiyao, makolo sangatseke.

Chinanso, phunziro loyamba kwa mwana wa kuno ndi la kudziteteza. Abale athu a ku Lundazi ndi a ku Kasungu alira maliro angapo chifikireni njovu zija mu 2022, monga munamvera m'manyuzipepala, ndipo m'madera ena anthu anali ataiwala kakhalidwe ka njovu chifukwa zinali zitasowa kwa zaka zambiri. Mwana adziwe kuti njovu siona patali koma imanunkhiza ndi kumva kwambiri, choncho aone kumene mphepo ikulowera. Asayandikire njovu ya mwana. Asaigende kapena kuithamangira ndi gulu pofuna kuionerera. Asadutse pakati pa mvuu ndi madzi m'mamawa, pamene ikubwerera kuchokera kodya. Asatunge madzi pamalo amodzimodzi nthawi yofanana tsiku lililonse, chifukwa ng'ona imaphunzira chizolowezi cha munthu. Kholo likaona kuti sukulu ikuphunzitsa zosunga moyo wa mwana wake, limayamba kukhulupirira zinanso zimene sukuluyo ikunena.

Nyakwawa ya mudzi wina, Balaka

Ndalola kuti ana anga alankhule kaye, tsopano ndiikepo mawu pa nkhani ya mitengo, imene palibe waitchula mokwanira ngakhale kuti ndiyo ntchito yaikulu ya makalabu. Chaka chilichonse nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala, kumabwera mbande m'machubu, ana amaimba, akuluakulu amajambulitsa atagwira khasu, ndipo pofika Ogasiti, sukulu ili pa tchuthi, mbuzi zimamaliza zonse. Chaka chotsatira timabzalanso m'maenje omwewo. Mwana amene waona zimenezi kasanu waphunzira phunziro limodzi lokha, lakuti kubzala mtengo ndi mwambo wa alendo.

M'mudzi mwanga tinasiya kuwerenga mitengo yobzalidwa, timawerenga yopulumuka. Tinapatsa sukulu kachigawo ka tchire lothothoka, ndipo m'malo mogula mbande, ana amasamalira zitsa zimene zikuphukira zokha, amadulira nthambi zofooka n'kusiya ziwiri kapena zitatu, amalambula njira yotchinga moto mwezi wa Juni, ndipo ine ndinaika chindapusa kwa mwini mbuzi yopezeka m'menemo. Mitengo ya tsanya ndi mithethe imene mizu yake ili kale pansi siifuna kuthirira. Tinagwirizananso kuti nthambi zodulidwazo zikhale nkhuni zophikira phala la ana, kuti aone phindu asanamalize sukulu. Za msangu m'munda sindinena zambiri, chifukwa agogo awo akudziwa kuti umayoyola masamba nthawi ya dzinja ndipo chimanga cha pansi pake chimakhala chobiriwira. Aphunzitsi angowaitana agogowo.

Pa ulendo wa m'paki, maganizo anga ndi akuti kusankha ana anzeru kuthe. Sitandade imodzi, kaya ndi 5, izipita yonse chaka chilichonse, ngakhale pa maulendo anayi kapena asanu, kuti mwana aliyense wodutsa pa sukulupo adzalowemo kamodzi. Ndi zochititsa manyazi kuti munthu wochokera ku London adziwe mkati mwa tchire limene makolo athu anasamukamo, pamene mdzukulu wawo akulidziwira pa waya. Ndipo pa ulendo uliwonse pazikhala makolo awiri kapena atatu, makamaka aja olankhula kwambiri pa bwalo.

Mlonda wa nyama wopuma ntchito

Amfumu, zimenezo n'zotheka ngati sukulu za zoni imodzi zipempha pamodzi ndi kupereka ndandanda ya chaka chonse, m'malo moti hedi aliyense azilemba kalata yakeyake mwezi wa Okutobala, pamene aliyense akufuna galimoto yomweyo. Miyezi ya dzinja misewu yambiri ya m'paki imavuta, choncho maulendo aikidwe kuyambira Meyi. Miyezi yotsalayo paki ingathe kubwera kusukulu. Ife opuma ntchito tilipo angapo m'midzimu, ndipo tingathe kuphunzitsa ana kuwerenga mapazi a nyama pa dothi, kusiyanitsa phazi la fisi ndi la galu, ndi kuona ngati ndowe za njovu ndi za usiku womwewo kapena za dzana.

Mayi wa komiti ya sukulu, Machinga

Aphunzitsi a ku Ulongwe, polemba maganizo anu musaiwale kumene munayambira. Bambo a mnyamata uja, amene amagona kumunda ndi muuni ndi chitini, akudziwa za njovu zinthu zimene mulibe m'buku lililonse: nthawi imene imabwera, njira imene imadzera, phokoso limene imachita isanatulukire, ndi chimene chimaibweza. Apempheni adzaphunzitse kalasi ya mwana wawo tsiku limodzi. Akakana, mudziwa kuti chilonda n'chachikulu kuposa momwe mumaganizira, ndipo zimenezonso muzilembe.

Mphunzitsi wa ku Ulongwe

Ndakhala chete masiku atatu chifukwa ndinatsata malangizo a mayi. Ndinapita kwa bambowo Loweruka madzulo, ndipo poyamba anaganiza kuti mwana wawo walakwa. Nditafotokoza, anaseka kwa nthawi, kenaka ananditengera kumunda n'kundionetsa mtengo wa mango umene njovu inathyola chaka chatha, ndi kadzenje kamene amayatsamo ndowe zouma zosakaniza ndi tsabola mphepo ikamalowera ku paki. Avomera kubwera Lachitatu likudzali pa phunziro la zaulimi, koma aika mfundo imodzi, yakuti pakhalenso munthu wodziwa za mpanda, chifukwa nawo ali ndi mafunso awo okhudza nthawi imene imapita waya ukaduka usanakonzedwe, ndipo akufuna ayankhidwe ana akumva. Bambo opuma ntchito, ngati muli chakufupi, a hedi ati njinga ya kabaza alipira ndi iwo kuchokera pa Ulongwe, ndipo phunziro liyamba 9 koloko.

Mlonda wa nyama wopuma ntchito

Ndibwera, aphunzitsi, ndipo ndiyesa kupempha mmodzi mwa anyamata amene akuyendera mpanda masiku ano kuti tidzakhale limodzi, popeza mafunso ena a bambowo oyenera kuyankha ndi amene ali pa ntchito. Muwauze bambowo abweretse chitini chija.